Dengu la Amayi Lili Pakhonde

Bambo a Sungeni,

Pepani, ndathamangira kuchipatala ku Bembeke, mwana watentha thupi. Ndiwo zili pambaula.

Zili m'mbale yobiriwirazo si phala, ndi chinangwa chomatira. Mukadya mumatika pakamwa, kapena n'kupumako ine.

Dengu la malemu amayi lija ndalimata timapepala tamaluwa topukutira m'manja, totsala paukwati wa Agatha. Likuuma pakhonde. Mvula ikayamba mulilowetse, timapepalato tingasungunuke.

Pamkombero mupeza pamene sindinamatepo. Chonde musandithandize. Mpamene amayi anasokapo ndi ulusi wa thumba la feteleza, dengulo litang'ambika tikupita kukagulitsa mbatatesi kumsewu, ine ndikulira ndi chisanu m'mbuyo mwawo. Maluwawo abise pena paliponse, koma pokhapo ndizipaona.

Ndine,
Make Sungeni