Mkono wa Amayi Watupanso

Mtendere, Lusaka

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Kitwe, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tili bwino kupatula amayi. Mkono wawo uja watupanso, ndipo ine ndatopa.

Lachiwiri ndinawaperekeza kuchipatala. Adokotala anatifotokozera kuti m'thupi, kuwonjezera pa magazi, mumayenda madzi ena m'timitsempha ting'onoting'ono. Madziwo amasefedwa m'timinofu tonga nyemba ta m'khwapa, tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabere. Pochotsa bere la amayi lija kuchipatala anachotsanso timeneti, ndiye madzi akusowa podzera, angodikha mumkono. Anati amayi aziugoneka pamtsamiro, asanyamule zolemera, ndipo usatemedwe ngakhale pang'ono, chifukwa chilonda pamenepo sichichedwa kuola.

Amayi anavomera zonse. Koma dzulo ndinakafola pamzere wa saladi, mafuta ophikira aja, kushopu, ndipo pobwera ndinapeza bana Mulenga, mayi woyandikana nafe, lezala lili m'manja, atawatema kale mphini.

“Tichosa chabe magazi yoipa,” anatero bana Mulenga.

Nditawalanda lezalalo, amayi anandikalipira pamaso pawo. “Iwe Tisauke, unayamba liti kundiphunzitsa za thupi langa?”

Lero mkonowo ukutentha, wafiira, koma amayi akukanitsitsa kubwerera kuchipatala.

Achimwene, ine amandiona ngati mwana, koma inu amakumverani. Pemphani tchuthi kumgodi mudzapite nawo nokha. Chonde musandiyankhe ndi kalata, bwerani.

Mulungu akusungeni panjira.

Ndine mlongo wanu,
Tisauke