Mabotolo Okandika

Lolemba, 3 Malichi
Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikutsuka mabotolo a m'labotale, koma m'kabuku koyamikira a Pulofesa dzina langa mulibe. Mwana wanga wandiwerengera konse, poti tizilembo take n'tating'ono. Mapepala 140 amene analemba, ophunzira amene anawasula, mankhwala awo a chiwindi amene akuti akatswiri ena amawatchula kambirimbiri. Ngakhale makina otsukira amene anandilowa m'malo ali pachithunzi! Ine m'kalasi sindinapondemo, zilembo ndinaphunzirira pa mabotolo omwewo. Koma a Pulofesawa ndinawalandira ndine, ali kamtsikana kogwira botolo lotentha ndi dzanja lopanda kanthu.

Lachitatu, 5 Malichi
Ndakumana ndi mlonda wa pageti la kulabotale pokwerera basi. "Madala, simunamve? Kwanu kuja kwayaka moto." Akuti akatswiri a kwina atsata njira ya a Pulofesa ndendende, koma mankhwala aja sakuuma n'kukhala timiyala toyera monga analembera. Akungotsala mafuta achikasu pansi pa botolo. Nawonso a Pulofesa eni ake chaka chonse chino akulephera. Ndiye pakhala komiti, akuti mwina anangopeka. Akapanda kuonetsa timiyalato pa 14, ntchito yatha, mapepala afufutidwa.

Ndinaseka mpaka mlonda anandiyang'ana. Kufika kunyumba chakudya chinandikanika.

Lachinayi, 6 Malichi
Chifukwa chake chili pansi pa bedi langa, m'katoni.

Mabotolo akale aja ndinkawakwecha ndi burashi ya waya, m'kati mwake anakandikakandika. Ndinaona ndi maso angawa kuti timiyala timayambira pamzere wokandikawo, kenako n'kufalikira. M'botolo losalala sititulukamo. Choncho tsiku la mankhwala amenewo ndinkawaikira akalewo patebulo, osanena kanthu. Kunena ndinanenapo kamodzi. Anati "Inde, madala," maso ali pa kompyuta.

Katatu konse anandilamula kuti ndiwataye. Tsiku lopuma ntchito ndinanyamula asanu ndi awiri m'chikwama, m'malo mokawaponya m'bini.

Loweruka, 8 Malichi
Takangana ndi mwana wanga. "Bambo, kaperekeni mabotolowo, munthu akumira." Ndati anandifunsa? Akuti, "Adzakufunsani bwanji zimene sakuzidziwa? Mutu wanuwu ngakhale nyundo ingabwerere." Ndati unatengera kwa ine, usanyade.

Chimene sindinamuuze: ndikawatulutsa adzati ndinaba katundu wa labotale. Zaka zonsezi sindinatengepo ngakhale sopo. Ndife ndi dzina la wakuba ine?

Lamulungu, 9 Malichi
Ndawatsuka onse, kutsukuluza katatu katatu. Sindikupita nawo kulikonse.

Lachiwiri, 11 Malichi
Ndinapita kulabotale, kukangoona basi. Fungo la m'khonde lija silinasinthe. A Pulofesa ndinawapeza okha pasinki, imvi mbuu, akuyang'ana botolo latsopano lonyezimira, pansi pake mafuta aja. Atandiona anati, "Madala, mwabwera kudzandiika m'manda?" Ndinati ndimadutsa. Anati, "Ndikuyamba kukayika ngati ndinationadi timiyala tija." Mawu amenewo andilasa. Munthu kukayikira maso ake omwe! Tinationa tonse, ine ndi amene ndinkatikokota potsuka.

Ndinangotsanzika. Potuluka ndinasiyira mlonda botolo limodzi lokulunga m'nyuzi, ndinali nalo m'jekete. Ndati kawauze ayesere m'menemu, asalilowetse m'makina.

Lachinayi, 13 Malichi
Foni ya mwana wanga yalira tikumwa tiyi. A Pulofesa. Timiyala tatuluka, mzere wonse wayera. Amalankhula akulira, mwana wanga nayenso misozi, ine ndimangopemerera tiyi. Akuti alipo ena? Atumiza dalaivala adzatenge.

Ndalanda foni. Ndati dalaivala abwerera chimanjamanja, abwere eni akewo. Ayankha kuti, "Ndikumva, madala." Ulendo uno amvadi, osati ngati tsiku lija maso ali pa kompyuta.

Katoni ndaitulutsa, ili patebulo, jekete ndasita. Komiti ndi mawa. A Pulofesa, bwerani nokha lero lino, mukhale pampando uwu, mumvetsere za mabotolowa mpaka nditamaliza. Ndipo mawa mukaimirire pamaso pa akuluakuluwo, ine ndili pambali panu, mukanene ndi pakamwa panu kuti mkuluyu sanabe.