Mwanyanya Wakana Madzi a Pampopi

Amayi, kumene munapitako kukuyenda bwanji? Kodi nako kumatentha ngati kuno? Ife kuno ku Boma la Feira dzuwa latiwamba ngati nsomba, ngakhale mbuzi sizikufuna kuchoka pamthunzi.

Ndiyambe ndi zabwino, paja inu munkati wobwera ndi nkhani yoipa asaiwale kupereka moni. Mkazi wa mlongo wanga Lukasi anachira bwino kuchipatala ku Katondwe. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwecho, chija chimayamba kulowa m'nyumba mwini wake akadali panja. Dalitso wanga wayamba kukwawa. Kumunda kokha sikunayende. Mvula inadula chimanga chikadali m'mawondo, ndipo timapira timene tinapirira njovu zinadzamaliza. Masau okha ndiwo abereka osati masewera.

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni ndi mphaka wanu, Mwanyanya. Wadwala, amayi, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Inu simunaone mmene katundu wanu anagawidwira maliro atatha. Zitenje zinapita kwa azilamu anu, khasu ndi nkhwangwa kwa Lukasi. Mtsuko wanu wakuda uja, unkakhala kuseri kwa chitseko, anaupereka kwa mng'ono wanu, amayi aang'ono a Nasitaziya, ndipo unapita nawo ku Mburuma. Za mphaka palibe anatchulako. Anthu atabalalika ndinamupeza ali pakhomo pa nyumba yopanda munthu, ndiye ndinamuika m'dengu nkukwera naye lole kubwera kuno. Atate a Dalitso atamuona anangoti, "Anzako atenga zitenje, iwe cholowa chako ndi chona wopanda mano!" Ine ndinaseka, chifukwa ndinakumbukira mmene munamutchulira dzinalo. Mayi uja wopempha mchere tsiku ndi tsiku akangotulukira, inu munkaima pakhomo nkufuula, "Mwanyanya! Mwanyanya!" ngati mukuitana mphaka, mayiyo nkubwerera panjira.

Matendawa anayamba pang'onopang'ono. Ndinkamuona akunjuta pamchenga kawirikawiri, akukankha, akulira, koma kotuluka ndi timadontho chabe. Kenako anayamba kukodzera m'nyumba, iye amene moyo wake wonse sanaipitsepo pakhomo panu. Tsiku lina ndinapeza mkodzo wake pasimenti uli ndi magazi.

Ndinamunyamula kupita naye ku ofesi ya vetenale. Bambo wa kumeneko ndi wa ku Chipata, anazolowera mbuzi ndi kubaya agalu katemera wa chiwewe. Atasuzumira m'dengu anaseka mpaka kugwira tebulo. "Amayi, mwandibweretsera chona? Kuno ku Feira?" Komabe anamugwiragwira pamimba, nkunena kuti tizilombo talowa m'chikhodzodzo. Anandipatsa mapiritsi. Ndinkawaphwanya nkuwabisa mu nsomba, ndipo Mwanyanya anakhala ngati wachira. Mwezi usanathe zinabwereranso. Tinabwereza mankhwala, zinabwereranso.

Ulendo wachitatu bambo uja sanaseke. Anati, "Chona akakalamba impso zimalema, ndiye tizilombo sitivutika kubwerera. Tina tazolowera ndi mankhwala aja. Ku Lusaka akanapima mkodzo kuti adziwe mankhwala oyenera, koma ndi dzuwa ili ungakafike uli wabwino?" Anatumiza dalaivala wina kukagula mapiritsi amtundu wina ku Lusaka, nkundichenjeza kuti awa ndi omwa masabata angapo, osasiya ngakhale aoneke kuti wachira. Kenako anandifunsa, "Koma mankhwala okha sangatsuke m'kati. Azimwa madzi ambiri. Kodi amamwa?"

Chibwerere kuno ndinali ndisanamuonepo akumwa bwinobwino. Madzi athu a pampopi amanunkha mankhwala, iye amangonunkhiza nkutembenuka. Ndinakatunga a kumtsinje nkumuikira m'mbale, anakana. Ndinagula mtsuko watsopano kumsika, anauzungulira kamodzi nkuchoka ngati mlendo wolakwa nyumba. Msuzi wa nsomba wokha ndiwo ankanyambitako pang'ono. Masana onse ankakhala kuseri kwa chitseko chathu, pamene palibe chilichonse, ine nkumamuthamangitsapo kuti ndisese. Tsiku lina tsache lili m'manja ndinakumbukira. Mtsuko wanu unkachucha pang'onopang'ono, ndipo pansi pake munkaikapo phale lolandira madontho. Paphale pajapo ndi pamene Mwanyanya ankamwa chiyambire ali kamwana. Ife tikakuuzani kuti mugule wina wosachucha, munkati, "Mtsuko wosachita thukuta sudziwa kuziziritsa madzi."

Sabata yomweyo anakodzera pamphasa ya Dalitso. Atate ake anapsa mtima. "Manje zakwana. Mwana akukwawa pansi pomwepa. Chona uyu umuchotse wekha, apo ayi ndikamutaya ku Zambezi." Sindikuwanena, amayi. Nyumba inkanunkhadi, ndipo anzawo a kuntchito anali atasiya kulowa.

Mukudziwa inu kuti chogawidwa pamaliro sichibwerera. Kukachipempha kuli ngati kunena kuti akulu anagawa mokondera. Ndinadziwa kuti ndidzakhala nkhani m'mudzi monse, mwana wa malemu wokalanda mtsuko kwa nkhalamba chifukwa cha mphaka. Ndinapitabe ku Mburuma, nditanyamula shuga ndi nsomba zouma zotsekera manyazi.

Amayi aang'ono anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Yayi, mwana wangu. Mtsuko uwu sutuluka muno. Ine m'mawa uliwonse ndikatunga umu ndimati mkulu wangu wandimwetsa. Lomba ufuna undilande mkulu wangu kachiwiri? Ndife ndi ludzu ine kuti chona akhale moyo?"

Ndinakwiya, sindikubisirani. Ndinaima kuti ndizipita. Potuluka ndinasuzumira kuseri kwa chitseko chawo, ndipo mtsuko unali pomwepo, ndi phale pansi pake lodzaza madzi, m'nyumba yopanda mphaka. Anandiona ndikuyang'ana. Anati amangochita mmene inu munkachitira, sadziwa chifukwa chake. Tinakhala pansi tonse awiri nkulira. Atapukuta maso ananena mawu amene ndinkaopa. "Mtsuko sungapite kwa chona. Chona ndiye abwere kwa mtsuko."

Ndinabwerera ku Boma. Amayi, zonse zimene munasiya ndi zinthu zosapuma. Mwanyanya yekha ndiye amapuma. Akagona pamapazi panga ndikusankha mpunga, ndimamva kutentha kwake nkumati amayi sanapite onse. Anakudziwani ine ndisanakwatiwe, anagona pafupi nanu mukudwala. Ndinkafuna achire, koma achirire kwa ine. Ndinazengereza masiku, ndikumuthira madzi m'kamwa ndi supuni, iye akulavula. Anaonda mpaka nthiti kuwerengeka, ndipo akanjuta ankalira ngati khanda. Paja munkati wokonda nkhuku saimangirira mwendo padzuwa. Mawu amenewo anandisowetsa mtendere mpaka ndinatenganso dengu lija.

Titafika ku Mburuma anathawira kunsi kwa bedi nkukhala komweko masana onse. Amayi aang'ono anati tisamuitane. Dzuwa litapendeka anatuluka akutsimphina, nkupita molunjika kuseri kwa chitseko ngati wina wamuuza. Ananunkhiza mtsuko, kenako phale. Anamwa, amayi. Anamwa nthawi yaitali, kalilime kakulira pamadzi, ife awiri titaima chilili. Phale litauma anakhala pansi nkumadikira dontho lina.

Musaganize kuti ndikukuuzani kuti wachira. Magazi anachepa ndisanachoke, koma akukankhabe. Bambo wa vetenale akuti impso sizibwerera paunyamata, ndipo matendawa angathe kubweranso. Ndinawaphunzitsa amayi aang'ono kuphwanya piritsi ndi supuni nkulibisa mu nsomba. Maso awo ndi ofooka, ndipo ndikuwadziwa, akangoona mphaka akudumpha adzati wachira, otsalawo nkuwasungira tsiku lina. Ndinawachonderera mpaka anati, "Iwe, ndakumva! Unatenga pakamwa pa amako." Ndikuopabe. Mburuma ndi kutali, malole sabwera tsiku lililonse, ndipo chikachitika ndidzamva patapita masiku.

Ponyamuka ndinamuitana dzina lake. Anangotsegula diso limodzi ali chigonere m'mbali mwa mtsuko, sananditsatire ngakhale mpaka pakhomo. Zinandipweteka kwambiri, koma ndinadziwa kuti wafika kwawo.

Kuno ndinapeza atate a Dalitso atakolopa nyumba yonse ndi sopo. Anangonditengera dengu lopanda kanthu nkukalipachika. Nyumba yayera, ikununkhira bwino, ndipo ine sindikuikonda. Dzulo posesa ndinalambalala kuseri kwa chitseko kuti ndisamudzutse, kenako ndinakumbukira kuti palibe.

Mwezi ukatha ndidzapita ku Mburuma ndi mapiritsi otsala, ndipo ndidzapitabe ngakhale mapiritsi atatha, chifukwa ndaona kuti mng'ono wanu nayenso tinamusiya yekha ngati mphaka. Ngati Mwanyanya angatisiye nkubwera kumeneko kwa inu, musandikalipire kuti waonda. Ndinachedwa kumumvetsa, koma ndinayesetsa. Chimodzi chokha ndikukulonjezani, amayi: sadzakufikani ali ndi ludzu.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esinati