Chala Chimodzi cha Achimwene

Amayi, kaya mwagona bwanji kumeneko? Ndikudziwa kuti kutchalitchi timaphunzira kuti akufa ali m'tulo mpaka lipenga lidzalire. Koma inu ngakhale muli m'tulo munkamva munthu akamatsegula chitini cha shuga, ndiye ndilemba basi.

Kuno tilipo. Mpongozi wanu, akazi a achimwene Fanuwelo, anabereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Nandolo wa m'munda mwanu ku Goliati anachita bwino, koma nthochi za kuseri zija zikufota, sitikudziwa chadya mizu. Mvula ikugwa, tiyi waphuka moti othyola akubwera madengu ali tho.

Nkhani yaikulu ndi ya achimwene. Chitayireni dzanja lawo lamanja m'makina a kufakitale, inu ndinu munkawagwirira zinthu, ndipo mutadwala, kuchipatala munandiuza kuti ndikhale dzanja lawolo. Abwana a pa esiteti ya tiyi pano anavomera kuwayesa ukalaliki, kulemba makilo a masamba pa kompyuta. Anati akalephera pofika kutha kwa mwezi ntchito palibe, nyumba ya kampani atulukemo. Ndi khanda, Amayi, mvula ili mkati chonchi.

Chovuta chinali kiyibodi, thabwa la mabatani olembera lija. Analipangira anthu a manja awiri. Pali batani lina lotchedwa Shifiti. Palokha sililemba kanthu, koma ukaligwira n'kudina linzake, chilembo chimakula, nambala imasanduka chizindikiro. Komanso kuti kompyuta itseguke m'mawa, pamafunika kudina mabatani atatu nthawi imodzi. Achimwene anayesa ndi chigongono, tsiku lina ndi chibwano. Kenako anabwera ndi loko wa panjinga n'kumusanjika pa batani. Ndinaseka nawo, koma nditatuluka panja ndinalira. Iwo anangoti, "Mayi ankanena, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mwina ndingobwerera kumudzi."

Masana ndikamadya ndinkawasiyira kompyuta yanga ya muofesi kuti aziphunzirira. Apa m'pamene inayamba misala. Ndikabwerera, kungokhudza Shifiti inkalira ngati mwanapiye. Ndikalemba faifi pankatuluka kachizindikiro ka peresenti, makilo a anthu n'kusanduka zojambula. Ndikaitana anzanga kuti adzaone, basi yachira yokha, ngati dzino likaona khomo la chipatala.

Mukundidziwa, munkati ndili ndi manja oyabwa chiphwasulireni wailesi ya bambo. Poyamba ndinaganiza kuti tiyi wa shuga anatayikiramo, ndiye ndinazula mabatani ndi supuni. Ndinapezamo nyenyeswa za chigumu ndi nyerere zakufa, ndinapukuta, koma osasintha. Ndinabwereka kiyibodi ya ofesi ina, chimodzimodzi. Apo ndinadziwa kuti matenda sali m'thabwamo. Anzanga ena anati ndi vairasi, ena anati alipo amene sakufuna kuti achimwene apeze ntchito. Ine chinkandizunguza mutu n'chakuti inkadwala masana okha, m'mawa ili bwinobwino.

Munkati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachinayi lina ndinasiya mbatata yanga n'kukhala kumbuyo kwawo. Ndinaona kuti akamadikira kompyuta kuti iganize, chala chawo chimagogoda, monga ankagogodera tebulo podikira chakudya inu n'kuwaopseza ndi chipande. Amagogoda pa Shifiti poti amadziwa kuti sililemba kanthu. Atagogoda kasanu, tswii! Panatuluka kabokosi ka Chingerezi, iwo n'kukavomera msangamsanga kuti kachoke, poopa kuti aononga katundu wa kampani.

"Imani kaye achimwene, gogodaninso," ndinatero. Kabokosi katabweranso ndinakawerenga pang'onopang'ono, kawiri konse. Amayi, si matenda ayi! Opanga makompyuta anachita kuikamo dala, kuikira anthu amene sangadine mabatani awiri pamodzi. Ukadina Shifiti n'kulisiya, limakhala ngati waligwirabe, kudikira batani lotsatira. Atatu a m'mawa aja ukhoza kuwadina limodzilimodzi. Zimazima zokha munthu akadina awiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake inkachira ndikamalemba mothamanga pamaso pa anzanga. Ndinafufuza mpaka ndinapeza pomangira kuti zisamazime.

Mpaka lero ndimadzifunsa kuti anaganiza zimenezi ndani. Kaya naye anali ndi mchimwene wake wa dzanja limodzi, kaya anali iye mwini? Ndipo m'makompyuta onse a pa esiteti pano nzeru imeneyi yakhala ili phee zaka zonsezi, palibe woidziwa. Ndimafuna nditadziwa kuti muli chiyaninso chimene tikuchitcha kuonongeka.

Achimwene anakankhira loko uja pambali. Anadina Shifiti, n'kulisiya, n'kudina E. Chilembo chachikulu chinaima njo. Anapitiriza ndi chala chomwecho mpaka panalembedwa Esinati, dzina lanu. Kenako anati, "Rute, mayi ankandigwirira malaya ine n'kumamanga mabatani. Batani ilinso likundigwirira." Ndinathawira pazenera kukayang'ana tiyi, ngati sindinamuonepo.

Dzulo abwana anaima kumbuyo kwawo akulemba makilo. Anayang'ana, anayang'ananso, n'kuwapatsa makiyi a ofesi ya kusikelo. M'nyumba muja satulukamo, ndipo khanda ligona pouma. Mwambi wanu uja sunaname, Amayi, kungoti chala chinacho tachipeza kumene sitinkayembekeza.

Lamlungu tibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo mdzukulu wanu tibwera naye. Zimene munandiuza kuchipatala sindinaiwale. Ndikhalabe dzanja lawo pamene pafunika, ndikulonjeza, koma malaya okha ndikusiyira mpongozi wanu uja.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa manja oyabwa uja,
Rute