Kufunsira Ntchito ya Makompyuta Ndili ku Chiputo

Lolemba, 3 Fevereiro

Mvula tsiku lachinayi. Andiyitana ku entirevisita, mafunso a ntchito, kachitatu tsopano, kampani yaikulu ya ku Maputo. Lachisanu, pa vidiyo. Ntchito yoyambira, kulemba mapulogalamu. Kuno rede, netiweki ya foni, kulibe, mpaka kuboma ku Fingoè. Zaka zinayi za sukulu ku Tete, lero ndikupalira mtedza. Msana.

Lachinayi, 6 Fevereiro

Theka la mafunso akuti m'Chingelezi. Atate anachiphunzira ku Zambia atathawa nkhondo, ndiye akhala akundiyesa pakhonde. Chingelezi chawo ncha pamzere wolandira ufa. Sakudziwa chimene ndimalemba, koma nkhope kulimba ngati bwana. Ndinaseka, kenako misozi. Kutopa chabe.

Lachisanu, 7 Fevereiro

Fingoè. Pa mota, njinga yamoto, maola atatu, matope mpaka m'mawondo. Mana Benilde, anamwino odziwana nafe, anandibwereka chipinda. Wofunsa, Senhor Artur, waulemu koma maso pa wotchi. Funso: kupeza njira yaifupi pakati pa mizinda. Ndinkalidziwa! Ndili pakati, chithunzi chinauma. Mphindi khumi ndi zisanu. Ndinamalizira papepala, n'kujambula, n'kutumiza rede itabwera. Iye anangoti, "Tikudziwitsani, Deolinda."

Lachitatu, 12 Fevereiro

Mtsinje wadzaza, msewu waduka. Mota sizikudutsa. Mbuzi imodzi yafa. Ndayesa kusaka rede pachulu cha kusukulu, foni m'mwamba ngati wopenga. Palibe. Sindinatsegule kompyuta chibwerere. Mwina bwino osadziwa.

Loweruka, 22 Fevereiro

Madzi aphwera. Ndinapalasa njinga mpaka paphiri pomwe rede imagwira pang'ono, ya mauthenga okha. Uthenga ulipo, wa pa 13. Ndinakhoza. Yankho la papepala lija analikonda. Akuti ndivomere kubwera ku Maputo pasanafike pa 18.

Lero pa 22.

Ndinakhala pamwala, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Kunyumba Atate ali pamsewu, kudikira. Ndinawauza kuti sanayankhe. Sindinayambe ndawanamizapo. Chakudya sichinalowe.

Lamulungu, 23 Fevereiro

Kutchalitchi sindinapite. Atate pobwera anakhala pakhomo panga osachoka, mpaka ndinaulula. Sanakalipe. Mawu awo: "Mwanawe, wakukana ndani? Munthu kapena tsiku? Kamve pakamwa pake."

Ndilibe mphamvu zopemphanso. Miyezi khumi ndi inayi ya makalata ofunsira ntchito. Ndatopa kufotokozera anthu a mumzinda kuti mtsinje n'chiyani.

Lolemba, 24 Fevereiro

Ndadzuka, njinga yopopa kale, chinangwa chomanga m'nsalu pachishalo. Ndapita.

Fingoè, masana. Ndayimba kawiri, osayankha. Kachitatu mayi wina wati Senhor Artur ali pamsonkhano, malo aja sakudziwa ngati alipobe, ndidikire. Ndikulemba foni ili pakhutu, kanyimbo kakungobwereza. Batire yafiira. Ndiyamba ndi chiyani, kupepesa kapena

Kanyimbo kasiya. Mawu a munthu.