Galimoto ya Ababa Yapita ku Ndirande

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni konko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Bangwe tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Ndati mumve kwa ine: galimoto ya ababa, 504 ya mkango pamphuno ija anagula atagulitsa 404, palibenso pabwalo. Chimwalirireni ababa inangokhala pamiyala, nkhuku zikuikiramo mazira. Amakanika onse akuti masipeya ake ndi osowa, poti eni ake ku France anasiya kalekale kupanga mtundu umenewu. Ndiye tinawalola anyamata okhoma mbaula a ku Ndirande kuti aitenge.

Sanaikoke ayi. Anabwera ndi tchizulo ndi hamala n'kuidulira pomwepo, chitseko pachokha, denga palokha. Amayi anakhala pakhonde n'kumaonerera. Anyamatawo atazula mpando wakutsogolo, amayi anangoti, "Apo ndinkakhala ine tikamapita ku Mulanje," n'kulowa m'nyumba.

Sabata yatha ndinagula mbaula kumsika osaiyang'anitsitsa. Nditafika nayo, amayi anaitembenuza n'kuloza penti wabuluu kunsi kwake, wa mizeremizere ngati uja ababa anapaka okha ndi bulashi. Mwina ndi wa galimoto ina, achimwene, ine sindikudziwa. Koma amayi akaniratu kuti tiikemo makala. Ili kuchipinda kwawo, pafupi ndi bedi.

Chonde muziwaimbira foni Lamulungu, koma za galimoto musayambitse ndinu. Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Esinati