Mpando umene abambo akuukana

Lachinayi madzulo. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mutu wanga sukugwira.

Mpando wa abambo ndaumaliza lero. Ndi uja anawapatsa ansembe pamene ankasiya ntchito yophika kumishoni. Chotsamira chake chinali mtengo umodzi wopindidwa ngati uta, wopanda msomali. Chithyokereni chotsamiracho, abambo amangokhala pamphasa, msana ukuwawawa.

Ndavutika nawo mpandowu. Ndinawiritsa madzi mumgolo, nthunzi n'kumadutsa mupaipi momwe ndinalowetsa mtengo kuti ufewe. Anaphiri, oyandikana nafe, anafika pondifunsa ngati ndayamba kutcheza kachasu. Paini wa kuphiri ankangothyoka. Bulugama wamuwisi ndiye anavomera. Ndinamupinda akadali wotentha, n'kumumangirira pamgolo wina mpaka atauma.

Nditawapatsa, abambo ausisita pamwamba, uku ndi uku.

"Wakhoza, mwana wanga," atero. "Koma paja ankagwira amayi ako pali pati?"

Malemu amayi ankaima kumbuyo kwa abambo tikamapemphera korona, dzanja lili pachotsamiracho, mpaka malowo anada n'kusalala. Ine zimenezo sindinaziganizeko n'komwe. Zidutswa za chotsamira chakalecho ndinasonkhezera moto wowiritsa madzi aja.

Abambo abwerera pamphasa pawo. Mpando uli apo, wolimba bwinobwino, pagona mphaka. Kaya ndakonza, kaya ndawononga, ine sindikudziwa. Munthu angakane bwanji mpando msana ukumuwawa chonchi? Nanga mawa akandiuza kuti ndiwabweretsere zidutswazo, ndidzati...